Kalata yotseguka kwa okonza mapulani a wailesi yakanema ya dijito

Kwa olemekezeka nduna zoona za mauthenga, akuluakulu a mabungwe ogawa mafunde a wailesi, ndi inu mainjiniya amene mumajambula mapulani,

Ndikukulemberani poyera chifukwa nkhani iyi imakambidwa m'zipinda zotseka, m'chinenero cha manambala, pamene wolipira zotsatira zake ndi munthu amene sanaitanidwe ku msonkhanowo. Pempho langa ndi limodzi. Mukamakonza pulani ndi kusankha miyezo ya wailesi yakanema ya dijito, muziyambira panyumba ya woonera n'kumabwerera cha ku mlongoti. Mukatero, zimene mwasankhazo muzilembe poti aliyense aziona, pamodzi ndi lonjezo la zaka zimene zidzakhale zisanasinthidwe.

Ntchito yaikulu munaigwira kale, ndipo ndikuyamikira. Mu 2006 mayiko oposa 100 a mu Africa, ku Ulaya ndi ku Middle East anakumana ku Geneva pansi pa ITU, bungwe la United Nations loona za mafunde ndi mauthenga, n'kugwirizana pulani imene timaitcha GE06. Pulaniyo inagawa mafunde a pakati pa 174 ndi 230 MHz ndi a pakati pa 470 ndi 862 MHz, kulowa m'malo mwa mapulani akale a analogi, wa ku Stockholm wa 1961 ndi wa ku Geneva wa 1989. Inaikanso tsiku la 17 Juni 2015 kukhala malire a nyengo yosamukira, ndipo mayiko ena anapatsidwa mpaka 2020 pa mafunde a VHF. Tsikuli anthu ambiri analimva molakwika, mwina chifukwa ena mwa inu munalilengeza molakwika. Silinali tsiku loti ma TV onse azime. Linali tsiku limene tiransimita ya analogi inasiya kutetezedwa ku mafunde ochokera m'dziko loyandikana nalo, komanso inaletsedwa kusokoneza a dijito a anzawo. Koma mantha a tsikulo anagulitsa madikoda ambiri mofulumira, miyezo ya madikodawo isanalembedwe n'komwe.

Mu GE06 momwemo muli chinthu chimene nthawi zambiri sichituluka m'chipinda cha mainjiniya. Pulaniyo siimangonena kuti dera lafikiridwa. Imayamba yafunsa kuti woonerayo akulandira siginolo motani. Pali wolandira ndi eliyo yoloza ku mlongoti, yokwezedwa mamita 10 kuchokera pansi. Pali wolandira ndi kaeliyo kakang'ono panja, pa msinkhu wa mita imodzi ndi theka. Palinso wolandira ali m'nyumba, kaeliyo kali pambali pa TV, khoma lili pakati pa iye ndi mlongoti. Pa mafunde a UHF, mphamvu ya siginolo imene pulani imafuna kwa munthu wachitatuyu imaposa ya woyambayo ndi ma dB oposa 30. Kwa amene sazolowera ma dB, kumeneko n'kuchulukitsa mphamvu koposa ka 1,000. Ndiye mukaima pagulu n'kulengeza kuti anthu ochuluka chonchi m'dziko afikiridwa ndi dijito, mukunena za uti mwa atatuwa? Mapu ambiri amene amaonetsedwa kwa atolankhani anajambulidwa poganizira eliyo ya mamita 10. Mamita 10 ndi utali wa nyumba yosanja katatu. Banja lokhala m'nyumba yalendi, yopanda chilolezo chokhoma chitsulo padenga, lili mkati mwa mtundu wobiriwira pamapu, koma pa sikirini yake palembedwa kuti palibe siginolo.

Pa analogi kusamvana kumeneku kunkabisika. Siginolo ikafooka, chithunzi chinkachita chifunga ndi timadontho, mawu ankalira phokoso, koma munthu ankatha kumva nkhani ndi kudziwa amene wagoletsa chigoli. Dijito ilibe chifundo chotero. Makina okonza zolakwika amene ali m'dikoda amagwira ntchito bwino kwambiri mpaka pamalire ake, chithunzi chili choyera ngati palibe vuto, kenako siginolo ikatsika pang'ono chabe chithunzi chimaphwanyika timabokosi, chimauma, n'kuzima. Kotero anthu amene ankakhala m'mphepete mwa dera la tiransimita yakale, amene pamapepala sankawerengedwa koma ankaonera ndithu, ndi amene amayamba kutayika analogi ikazimitsidwa. Palibe amene amawanena m'malipoti, chifukwa sanalembedwepo chiyambire.

Mapu enieniwo amachokera kuti? Kawirikawiri amachokera m'kompyuta, pogwiritsa ntchito njira yolosera ya ITU yotchedwa P.1546. Ndi njira yabwino pokambirana ndi dziko loyandikana nalo za amene atenge tchanelo chiti. Koma chikalata chakecho chimavomereza kuti manambala a pamtunda anatengedwa makamaka m'madera ozizira monga Ulaya ndi North America, ndipo njirayo siiona bwino phiri lililonse kapena chigwa chilichonse payekhapayekha. Pali njira zina zotsata mmene nthaka yakwerera ndi kutsika pakati pa mlongoti ndi nyumba, monga P.1812, koma ngakhale zimenezo n'zolosera basi. Chotsimikiza n'chimodzi: galimoto yokhala ndi mlongoti wotambasuka ndi makina oyezera, kupita mudzi ndi mudzi, m'chilimwe ndi m'dzinja, kulemba zimene yapeza. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa, imadya mafuta, ndipo palibe amene amadula riboni pa tsiku loyeza siginolo kuseri kwa phiri. N'chifukwa chake ndalama zikachepa imayamba kudulidwa ndi iyoyo.

Za kusankha mtundu wa luso sindichedwapo. Dziko lapansi linagawikana panayi: DVB yochokera ku Ulaya, ATSC ya ku United States, Canada, Mexico ndi South Korea, ISDB-T ya ku Japan imene Brazil ndi mayiko ambiri a ku South America anaitenga, ndi DTMB ya ku China. Mu Novembala 2010 nduna za mayiko a SADC zinakumana ku Lusaka n'kusankha DVB-T2 ndi MPEG-4, ngakhale Botswana inadzatenga ISDB-T. Mkangano wa kuti yabwino ndi iti unadya nthawi yambiri kuposa mmene unayenera. Chimene chimatsitsa mtengo wa dikoda ndi kuchuluka kwa ogula, ndipo dziko limene lasankha zofanana ndi anansi ake lachitira anthu ake zabwino.

Vuto n'lakuti kunena kuti tasankha DVB-T2 sikunamalize kanthu. Muyezo umenewu, umene ETSI, bungwe la ku Ulaya lolemba miyezo ya mauthenga, linasindikiza mu 2009 monga EN 302 755, uli ndi mabatani ambiri oti injiniya atembenuze, ndipo batani lililonse limapatsa wina n'kulanda wina. Dziko la United Kingdom, limene linayamba kuulutsa pa DVB-T2 kumapeto kwa 2009, linasankha makonzedwe onyamula zambiri otchedwa 256-QAM ndi 32K, n'kupeza ma megabiti pafupifupi 40 pa sekondi m'tchanelo chimodzi cha 8 MHz, pamene DVB-T yakale inkapereka pafupifupi 24. Nambala ya 40 imeneyi imakopa kwambiri, chifukwa ikutanthauza matchanelo ambiri mu multiplex imodzi (gulu la matchanelo oulutsidwa pamodzi pa mafunde amodzi), malaisensi ambiri, ndalama zambiri. Koma anthu a kumeneko anali ndi maeliyo apadenga kuyambira kale, ndiponso matiransimita oposa 1,000 omwazika dziko lonse. Kutenga makonzedwe awo n'kuwaika m'dziko la matiransimita ochepa ndi otalikirana ndiko kusankha kuti okhala m'tauni akhale ndi matchanelo ambiri pamene akutali alibe n'chimodzi chomwe. Kutsika kufika pa 64-QAM, yolimba koma yonyamula zochepa, kapena kuwonjezera gawo lokonzera zolakwika, kumachepetsa matchanelo koma kumakankhira malire a siginolo kutali. Uku n'kusankha kwa ndale kumene kwavala zovala za uinjiniya, ndipo nduna iyenera kudziwa kuti ikusaina chiyani.

Pali njira yapakati imene ambiri saigwiritsa ntchito. DVB-T2 imalola kugawa multiplex imodzi m'mipita yotchedwa PLP, uliwonse ndi kulimba kwake. Tchanelo cha boma ndi mawayilesi a mawu okha angathe kuikidwa mu mpita wolimba wofika kutali, zina zonse n'kukhala mu mpita wonyamula zambiri. Koma izi zimatheka pokhapokha madikoda onse amene ali m'manja mwa anthu amadziwa kuwerenga mipita ingapo. Ngati simunalembe zimenezo mu muyezo wa dikoda pachiyambi, khomo limenelo munalitseka nokha.

Chimodzimodzi ndi netiweki ya SFN, imene matiransimita angapo amaulutsa pa tchanelo chimodzi nthawi imodzi. Imapulumutsa mafunde, ndipo pamapepala imaoneka yokongola. Imadalira kampata kakang'ono kamene kamasiyidwa pakati pa zizindikiro, kuti siginolo yochokera ku mlongoti wakutali ikafika mochedwa isasokoneze ya pafupi. Mafunde amayenda mamita 300 pa microsecond imodzi. Pa 32K, kampata ka 1/128 ndi ma microsecond 28, kutanthauza makilomita 8 okha. Ka 1/8 ndi ma microsecond 448, makilomita oposa 130, koma kamadya magawo oposa 10 pa 100 alionse a zimene multiplex ikananyamula. Komanso matiransimita onsewo ayenera kuyendera wotchi imodzi, imene kawirikawiri imachokera ku GPS. Wotchi ya mlongoti umodzi ikasokonekera, mlongotiwo umasanduka mdani wa anzake, ndipo anthu okhala pakati pa milongoti iwiri, amene siginolo yawo ndi yamphamvu bwinobwino, amataya chithunzi. Musanavomereze SFN, funsani kuti ndani adzakwere phirilo usiku magetsi akazima, ndipo zida zosinthira zikusungidwa kuti.

Tsopano ndifike pa dikoda, pamene pagona mtima wa kalatayi. Kaulutsidwe ndi chinthu china, kapanikizidwe ka chithunzi n'chinthu chinanso. MPEG-2 inali yoyamba, H.264 (MPEG-4 imene SADC inasankha ija) inabwera mu 2003, HEVC mu 2013, VVC mu 2020, ndipo iliyonse imanyamula chithunzi chofanana m'malo ochepa kwambiri kuposa inzake yakale. Kwa woulutsa imeneyi ndi nkhani yabwino. Kwa woonera, kusintha kulikonse ndi dikoda ina yogula. Pa 5 Epulo 2016 France inasiya MPEG-2 usiku umodzi, ndipo amene anali ndi zida zakale anafunika kugula zina. Pa 29 Malichi 2017 Germany inayamba kusamukira ku DVB-T2 ya HEVC, ndipo kumeneko kunachitika chinthu chimene ndikufuna muchisunge. Ma TV ambiri anali atagulitsidwa kale atalembedwa kuti DVB-T2, ndipo sanali onama, koma ankadziwa H.264 yokha. Ankapeza matchanelo koma osaonetsa chithunzi. Anthu a ku Germany anachita kupanga chizindikiro chobiriwira chapadera choti wogula aziyang'ana pa katoni. Ngati zinavuta m'dziko la malamulo okhwima a malonda, nanga kumene madikoda amalowa kudzera m'malire osiyanasiyana popanda wowayeza?

N'chifukwa chake chikalata chofunika kwambiri chimene mungalembe ndi muyezo wa cholandirira. Ena analemba kale: mayiko a kumpoto kwa Ulaya ali ndi NorDig, United Kingdom ili ndi D-Book, South Africa inalemba SANS 862. Simukufunika kuyamba pa pepala loyera, ndipo musapange muyezo wanuwanu wodabwitsa umene fakitale imodzi yokha ingaukwaniritse, chifukwa pamenepo mwapereka msika wonse kwa munthu mmodzi. Koma mulembe momveka kuti dikoda iyenera kumva siginolo yofooka kufika pati, iwerenge mitundu iti ya chithunzi ndi mawu, ilandire bwanji pulogalamu yatsopano kudzera mumlengalenga, ndipo ichite chiyani mukasuntha tchanelo. Dikoda imene imadzifufuzira yokha matchanelo akasintha imapulumutsa agogo ambiri ku kulipira mnyamata woti awabwezeretsere TV. Mulembenso za mawu olembedwa pansi pa chithunzi kwa osamva, za mawu ofotokozera osaona zimene zikuchitika, ndi za mipita ya zinenero zingapo pa pulogalamu imodzi. Luso lonseli lilimo kale mu DVB. Limangosowa wolilamula, ndipo likasiyidwa pachiyambi silibwereranso, chifukwa palibe woulutsa amene angawononge ndalama pa chinthu chimene madikoda theka sachiona.

Pali tizinthu tiwiri tating'ono timene timabweretsa madandaulo ambiri kuposa kukula kwake. Koyamba ndi manambala a matchanelo pa rimoti. Ngati simunaike lamulo lachilungamo la amene akhale pa 1, pa 2 ndi pa 3, wamphamvu adzadzitengera, ndipo wailesi yaing'ono ya m'dera idzakankhidwira kumapeto kumene chala sichifika. Kachiwiri ndi kukwera kwa mawu. Kuyambira mu 2010 pali muyezo wa bungwe la mawayilesi a ku Ulaya, EBU R128, woti mapulogalamu onse azikhala pa mlingo umodzi wa mawu, -23 LUFS, kuti otsatsa malonda asamadzidzimutse anthu pakati pa sewero. Kuutsatira sikufuna mlongoti watsopano.

Muyezo wopanda wouyang'anira ndi pepala chabe. Pafunika labu, yanu kapena yogawana ndi mayiko oyandikana nawo, yoyeza zida zisanalowe pamsika, ndi mndandanda wa zida zovomerezeka umene wogula angauone pa foni yake ali m'sitolo. Pafunikanso kuletsa kulowetsa ma TV a analogi okhaokha nthawi idakalipo, chifukwa mayiko amene anasamuka kale amafuna kotayira zotsala zawo.

Ndinene pang'ono za mafunde amene akutha. Pamene GE06 inkasainidwa, wailesi yakanema inali ndi matchanelo 49 a UHF, kuyambira 21 mpaka 69. Msonkhano wa ITU wa 2007 unatsegulira mafoni chigawo cha 790 mpaka 862 MHz. Wa 2012 unawonjezera 694 mpaka 790 MHz, kuyambira mu 2015. Atsala ndi matchanelo 28, kuyambira 21 mpaka 48. Mayiko a mu Africa anachita bwino kukhala pansi ndi ATU, bungwe lawo loona za mauthenga, ndi ITU n'kugawananso otsalawo kuti dziko lililonse likhale ndi ma multiplex osachepera anayi. Sindikutsutsa kupereka mafundewo kwa mafoni. Intaneti ya m'manja yasintha miyoyo kuposa matchanelo owonjezera. Chimene ndikunena n'chakuti eliyo yakale ndi kachipangizo kake kokwezera siginolo zinapangidwa kuti zizimva mpaka 862 MHz, ndiye mlongoti wa 4G ukayatsidwa pafupi, zimameza siginolo ya foni n'kutsamwa. Ku United Kingdom makampani a mafoni analamulidwa kulipira bungwe lotchedwa at800, limene linkatumiza zosefera kwa oonera kwaulere. Amene wapindula ndi mafunde ndiye alipire chisokonezo chake, ndipo zimenezi zilembedwe mu laisensi musanagulitse mafundewo, chifukwa mukagulitsa kale simudzawagwiranso. Msonkhano wa ku Dubai wa 2023 unasiya wailesi yakanema pa 470 mpaka 694 MHz, koma nkhaniyi idzaunikidwanso mu 2031. Pokonzekera kumeneko, nthumwi zanu zipite ndi manambala a anthu amene amadaliradi eliyo, oyezedwa, osati ongoganizira.

Mwina wina mwa inu anena kuti zonsezi n'zachikale, poti anthu akuonera pa intaneti ndi pa setilaiti. Funsoli n'loyenera. Switzerland inazimitsiratu DVB-T mu 2019, chifukwa oigwiritsa ntchito anali ochepa kwambiri ndipo pafupifupi nyumba iliyonse inali ndi njira ina. Dziko limene lafika pamenepo lizimitse, ndipo m'madera a mapiri ndi a anthu ochepa setilaiti yaulere ingakhale yanzeru kuposa kumanga mlongoti. Koma mlongoti umodzi umatumikira anthu 1,000 kapena 1 miliyoni pa mtengo umodzimodzi, woonera salipira mwezi ndi mwezi, ndipo sudzaza anthu onse akafuna kumva nthawi imodzi. Ku Japan luso lawo lili ndi chizindikiro cha ngozi chimene chimatha kudzutsa TV yogona pakabwera tsunami. Chimene sindingavomereze ndi kusiya netiweki kuti ife yokha pang'onopang'ono, matiransimita akuwonongeka osakonzedwa, anthu atagula kale madikoda pokhulupirira mawu anu.

Za tsiku lozimitsa analogi, mbiri yaphunzitsa mokwanira. Dziko la United States linkapereka makuponi awiri a madola 40 pa banja lililonse, koma ndalama zitatha anthu adakali pamzere, linasuntha tsiku kuchoka pa 17 Febuluwale kufika pa 12 Juni 2009. Ku Kenya, mkangano wa amene ayenera kunyamula siginolo unazimitsa mawayilesi akuluakulu kwa masabata angapo kumayambiriro kwa 2015. Ku South Africa, mu Juni 2022, khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linaimitsa tsiku lozimitsa chifukwa anthu osauka sanapatsidwe mpata wokwanira wolembetsa madikoda a boma. M'malo onsewa matiransimita anali okonzeka kapena pafupi kukonzeka. Chimene chinali chisanakonzeke chinali kumbali ya nyumba ya woonera, ndi mgwirizano wa amene alipire chiyani.

Ndiye ndikupempha kuti mapu a siginolo muwaike pa intaneti, aliwonse olembedwa kuti ndi a eliyo yapadenga kapena ya m'nyumba, pamodzi ndi zimene magalimoto oyezera anapeza ndi tsiku limene anayeza. Makonzedwe a multiplex iliyonse adziwike, kuti okhoma maeliyo ndi ogulitsa zida asamagwire ntchito mongoganizira. Mitengo imene kampani yonyamula siginolo imalipiritsa mawayilesi ikhale yofanana kwa onse ndi yosabisa, makamaka ngati kampaniyo ili ndi matchanelo akenso. Muyezo wa dikoda ukalembedwa, upite kwa anthu kuti aunikepo, kuphatikizapo mabungwe a osamva ndi osaona, usanasainidwe. Ndipo pa tsamba loyamba la muyezowo mulembe chaka chimene dikoda yovomerezeka lero idzakhale ikugwirabe ntchito, ndiponso kuti mukadzafuna kusamukira ku HEVC kapena china chilichonse, mudzalengeza zaka zingati pasadakhale, ndipo njira yakale ndi yatsopano zidzaulutsidwa limodzi kwa nthawi yaitali bwanji.

Ine wanu mwaulemu,
Woonera amene amatsata nkhani za kaulutsidwe